Boma Likalonjeza Mankhwala Kudzera M'manja mwa Wina

Phalombe idakhala boma loima palokha mu 1998, itapatulidwa ku Mulanje. Bwanamkubwa adafika, maofesi adatsegulidwa, koma chipatala chachikulu cha boma sichidabwere nawo. Kwa zaka zoposa 20, munthu wa kwa Nazombe, kwa Jenala kapena kwa Nkhulambe matenda akamukulira kuposa mphamvu za chipatala chaching'ono cha kwawo, ankamutumiza ku Holy Family, chipatala cha mishoni cha mpingo wa Katolika chomwe chili m'tsinde mwa phiri. Ku mishoni amalipiritsa, ku boma salipiritsa. Kuti ziwirizi ziyendere limodzi, padayenera kukhala pepala losainirana, lonena kuti wodwala amene watumizidwa ndi boma alandiridwe, aonedwe, apatsidwe mankhwala, ndipo bilu yake ipite ku ofesi ya zaumoyo, isapite kwa mwini matenda.

Ambiri a ife tidakula tikudalira pepala limeneli popanda kuliona ndi maso. Tinkangoona zotsatira zake. Wopita ndi kalata yochokera ku chipatala chaching'ono ankalandiridwa mwa njira ina, wongodzipitira yekha mwa njira inanso. Mayi woyembekezera ankamva kuti iye salipira, pamene mlamu wake wodwala chifuwa ankayamba wagulitsa nkhuku asananyamuke. Malire a zaulere ndi zolipira panalibe wowafotokoza bwino m'mudzi. Tinkangofunsa kwa amene adapitako dzulo. Lero ndikaganizira zaka zimenezo ndimaona kuti Phalombe idakumana msanga ndi nkhani yomwe dziko lonse lidzakumana nayo. Boma litha kulonjeza mankhwala amene adzaperekedwe ndi wina, ndipo lonjezo lotero limalimba kapena kugwa malinga ndi mafunso omwe adafunsidwa anthu asanagwire cholembera.

Zipatala za mishoni zili pansi pa bungwe la CHAM, lomwe lidayamba mu 1966, ndipo zimapereka pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a chithandizo cha zaumoyo m'dziko muno, makamaka kumidzi. Malipiro a ogwira ntchito m'zipatalazi amachokera ku boma, koma mankhwala, magetsi ndi mafuta a ambulansi zimadalira kwambiri ndalama zomwe odwala amalipira komanso thandizo la akufuna kwabwino. Kuyambira mu 2006 maofesi a zaumoyo m'maboma adayamba kusainirana ndi zipatalazi migwirizano yomwe a zaumoyo amangoti SLA. Mfundo yake idali yomveka. Komwe kulibe chipatala cha boma pa mtunda wa makilomita 8 koma kuli cha mishoni, boma lizilipirira anthu chithandizo china, makamaka cha amayi oyembekezera ndi makanda, kuti umphawi usatsekereze munthu pakhomo pa chipatala chomwe akuchiona ndi maso. Ndipo zidathandiza. Amayi ambiri omwe akadachirira kwa azamba adayamba kuyendera sikelo ndi kukadikirira kuchipatala. Pali ana omwe lero ali ku sekondale chifukwa cha mapepala amenewo.

Povuta padali pa ndalama ndi pa nthawi. M'madera angapo m'dziko muno mabilu ankakhala miyezi osalipidwa. Mtengo womwe adagwirizana chaka china unkatsalira m'mbuyo pamene mtengo wa mankhwala ukukwera. Anthu atamva kuti ku mishoni kwayamba zaulere ankabwera ochuluka kuposa momwe owerengera adaganizira, ndipo n'zosadabwitsa, poti matendawo adalipo kale, chomwe chinkasowa ndi ndalama. Chipatala chomwe chagula mankhwala ndi ndalama zake, n'kuwapereka ulere, n'kumadikira malipiro osabwera, chimafika poti sichingathenso kugula ena. Zipatala zina zidaimitsako migwirizano yawo. Mgwirizano ukaima, uthenga sufika msanga kumudzi; mayi amaumva ali kale pakhomo pa chipatala, matenda atamuyamba.

Mu 2022 chipatala chathu chidatsegulidwa ku Migowi, ndipo Pulezidenti Lazarus Chakwera adachitcha dzina la John Chilembwe. Amene sadakhalepo m'boma lopanda chipatala sangamvetse momwe mitima idagwera tsiku limenelo. Komabe nyumba ndi mabedi ndi nkhani ina, mankhwala a pashelefu ndi nkhani inanso. Mankhwala a m'zipatala za boma amachokera ku Central Medical Stores Trust, bungwe lomwe limawagula, kuwasunga m'nkhokwe zake ku Blantyre, ku Lilongwe ndi ku Mzuzu, n'kumawatumiza m'maboma malinga ndi zomwe aitanitsa. Mankhwala ambiri timagula kunja, ndi ndalama zakunja. Kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndalama yomweyo ya m'bajeti idayamba kugula makatoni ochepa. Bungweli lakhala likudandaula kuti boma silimalilipira pa nthawi yake, ogulitsa mankhwala nawo n'kumadandaula kuti bungweli silikuwalipira. Ngongole zonsezi zimakathera pa windo la famase, pomwe wodwala amabwezeredwa kabuku kake n'kuuzidwa kuti, "Awa atha, mukagule." Wonena mawuwo nayenso zimamuwawa. Ndi munthu wa m'dera lomwelo, amadziwa kuti wodwalayo m'thumba mwake mulibe kanthu.

Ma ARV, mankhwala a chifuwa chachikulu ndi LA wa malungo sasowasowa ngati enawo, chifukwa ndalama zake zambiri zakhala zikuchokera ku Global Fund ndi ku boma la America, ndipo amayenda njira yawoyawo. Mu Januwale 2025, America itaimitsa mwadzidzidzi thandizo lake lakunja, tidaona kuti kudalira kumeneku nako kuli ndi mantha ake. Koma amene amandikhala mumtima ndi odwala omwe matenda awo satha, ndiponso alibe wowalipirira wakunja: agogo a BP, bambo wa shuga, mwana wa khunyu, mtsikana wa mphumu. Awa mankhwala a sabata imodzi sawakwanira. Amafuna a mwezi uno, a mwezi wamawa, mpaka moyo wonse. Mwana wa khunyu akadumphitsa mankhwala chifukwa kuchipatala atha, kugwa kumayambiranso, ndipo kwathu kuno mwana amagwera pafupi ndi moto kapena pamtsinje. Banja limagulitsa nandolo yemwe likadasunga kuti likagule mapiritsi ku sitolo ya mankhwala. Lomwe lilibe nandolo limagula mapiritsi owerengeka kwa wogulitsa pamsika, osadziwa komwe adachokera kapena ngati akadali ndi mphamvu.

N'chifukwa chake nkhani ya inshuwalansi ya zaumoyo ya dziko lonse imati ikazilala, n'kudzukanso. Maganizo ake ndi akuti anthu azisonkha pang'onopang'ono akadali bwino, boma lithirepo zake, ndipo thumba limenelo lizilipira mankhwala munthu akadwala, ngakhale atakawatenga ku famase yomwe si ya boma. Pakadali pano inshuwalansi yotere kwathu ndi ya anthu ochepa a ntchito zolembedwa, omwe amadulidwa pa malipiro kupita ku mabungwe ngati MASM. Tsiku lomwe boma lidzaganize zotsegulira khomo limeneli aliyense, padzabwera makampani ndi mabungwe ofuna kugwira thumbalo, ndipo adzabwera ndi mapepala okongola. Phalombe, chifukwa cha zomwe idadutsamo, ili ndi ufulu wofunsa mokweza kuposa maboma ena kuti: kodi adzafunsidwa chiyani asanapatsidwe?

Dziko lomwe lidapita patali ndi njira yodalira makampani ndi America. Kumeneko kuli ndondomeko ya boma yotchedwa Medicare, yomwe idakhazikitsidwa mu 1965, yothandiza anthu a zaka 65 kupita m'tsogolo komanso ena aulumali. Kwa zaka pafupifupi 40 ndondomekoyi sinkalipira mankhwala omwe munthu amakatenga ku famase n'kukamwera kunyumba. Lamulo lomwe Pulezidenti George W. Bush adasaina mu 2003 lidaonjezera gawo la mankhwala lotchedwa Part D, ndipo lidayamba kugwira ntchito mu Januwale 2006, chaka chomwecho chomwe ife tinkayamba ma SLA. Boma la America silidatsegule mafamase ake. Lidaitana makampani a inshuwalansi kuti azigulitsa chitetezo cha mankhwala, ilo n'kumalipira gawo lalikulu la mtengo wake kuchokera ku misonkho. Lero anthu oposa 50 miliyoni amalandira mankhwala awo kudzera m'njira imeneyi.

Chomwe chidandigwira mtima powerenga za ndondomekoyi ndi kutalika kwa ulendo womwe kampani imayenda isanaloledwe kugwira ngakhale dola imodzi ya boma. Kuti idzayambe ntchito mu Januwale, iyenera kudziwitsa nthambi yoyang'anira Medicare, yotchedwa CMS, kukadali chaka chathunthu ndi kuposerapo, cha mu Novembala. Mu Febuluwale imapereka kalata yake yofunsira, yomwe kwenikweni ndi mulu wa maumboni. Imaonetsa chiphaso cha inshuwalansi cha m'dera lomwe ikufuna kugwiramo ntchito, ndi umboni woti ili ndi chuma chokwanira kulipira ngakhale odwala atachuluka kuposa momwe idawerengera. Imatchula makampani omwe idzawagawire ntchito, n'kuonetsa migwirizano yake ndi iwo. Akuluakulu a CMS akapeza poperewera amailembera kuti ikonze, ndipo ikalephera m'masiku omwe yapatsidwa amaikana. Yomwe idachita zosalongosoka zaka zam'mbuyo itha kukanizidwa dera latsopano. Lolemba loyamba la mwezi wa Juni imapereka mtengo wake, wowerengedwa ndi kusainidwa ndi katswiri wa masamu a inshuwalansi. Mgwirizano umasainidwa cha mu Sepitembala, ndipo umakhala wa chaka chimodzi. Kuyambira pa 15 Okutobala mpaka pa 7 Disembala anthu amasankha kampani yomwe akufuna, ndipo amene sadakhutire ndi ya chaka chatha amasamuka.

M'kati mwa maumboni onsewa muli mafunso ena omwe ndidawamva ngati adalembedwa ndi munthu wodziwa mavuto athu. Limodzi ndi la mndandanda wa mankhwala. Kampani singangonena kuti idzapereka mankhwala. Imalemba dzina ndi dzina, boma n'kuunika. Pa gulu lililonse la mankhwala payenera kukhala mitundu yosachepera iwiri, kuti amene sadayanjane ndi wina apeze wina. Pa magulu 6, kuphatikizapo ma ARV, mankhwala a khunyu, a khansa ndi a matenda a maganizo, kampani iyenera kuika pafupifupi onse omwe alipo. Chifukwa chake n'chosabisika. Kampani yofuna phindu itha kuthawa odwala odula mwakachetechete, pongosiya mankhwala awo pa mndandanda, iwo n'kudzichokera okha. Lamulo lidatseka mpata umenewo, ndipo lidatsekanso ina yofanana nawo. Kampani singakane munthu chifukwa choti ndi wodwaladwala, singamulipiritsenso zambiri pa chifukwa chimenecho; m'malo mwake boma limaipatsa ndalama zochulukirapo pa wodwala wovuta kusiyana ndi pa wathanzi. Dziko lonselo adaligawa m'zigawo 34, ndipo kampani yogulitsa chitetezo cha mankhwala okha ikafuna chigawo imatenga chonse, tauni ndi mudzi womwe. Kunena kwathu, singasankhe Blantyre n'kusiya Phalombe.

Funso lina ndi la mtunda. Kampani iyenera kuonetsa kuti mafamase omwe yagwirizana nawo ali pafupi ndi anthu. M'mizinda, anthu 90 mwa 100 aliwonse akhale ndi famase pa mtunda wosapitirira mamailosi 2. Kumidzi, 70 mwa 100 akhale nayo pa mamailosi 15, omwe ndi makilomita pafupifupi 24. Palinso malamulo a nthawi, omwe ine ndikadawaika pa tsamba loyamba la SLA iliyonse. Famase ikapereka mankhwala n'kutumiza bilu yolongosoka pa kompyuta, kampani iyenera kulipira m'masiku 14. Wodwala akapempha mankhwala omwe kampani ikuwakayikira, yankho liyenera kubwera m'maola 72, ndipo ngati kudikira kungaike moyo pachiswe, m'maola 24. Akakanidwa amachita apilo, ndipo apiloyo itha kufika kwa oweruza omwe si a kampaniyo. Pa ndalama zomwe kampani yatolera, 85 peresenti iyenera kupita ku mankhwala ndi chisamaliro cha odwala. Ikapereweza imabweza ku boma. Chaka chilichonse makampani amapatsidwa nyenyezi, kuyambira imodzi mpaka zisanu, malinga ndi momwe adatumikirira anthu, ndipo aliyense amatha kuziona asanasankhe.

Kwathu kuno mnyamata akabwera kudzafunsira mbeta, amalume sayang'ana nsapato zake. Amafuna kudziwa kwawo, ankhoswe ake, ngati adakwatirapo, ndi momwe adasiyanirana ndi woyambayo, chifukwa amadziwa kuti akadzalowa m'mudzi n'kumanga nyumba, kumuchotsa kudzakhala mlandu wautali, ndipo ovutika adzakhala ana. Wogwira thumba la mankhwala a anthu nayenso akalowa satuluka msanga. Mayina a odwala amakhala m'kompyuta yake, mafamase amakhala atamuzolowera, ndipo boma limayamba kuopa kumuchotsa poopa chisokonezo. Nthawi yomwe boma lili ndi mphamvu zonse ndi yomwe wofunsirayo akadali panja.

Izi sizikutanthauza kuti za ku America n'zoti titengere zonse. Mankhwala kumeneko ndi odula kuposa m'maiko ena olemera, ndipo lamulo la 2003 lomwelo lidaletsa boma kukambirana mitengo ndi opanga mankhwala. Zidatenga mpaka 2022 kuti lamulo lina lilole zokambiranazo pa mankhwala owerengeka, liike malire a madola 35 pamwezi pa insulin, komanso malire a pachaka, omwe adayambira pa madola 2,000 mu 2025, pa ndalama zomwe wodwala amatulutsa m'thumba mwake. Kwa zaka zambiri okalamba ena ankafika pakati pa chaka n'kupeza kuti chitetezo chawo chayamba chaima, ayambe alipira okha. Kusankhanso pakati pa makampani ambirimbiri, iliyonse ndi mndandanda wake ndi mitengo yake, kumazunguza mutu ngakhale wa munthu wophunzira. Ife tili ndi chinthu chomwe iwo adachikana dala, ndicho wogula mmodzi wa dziko lonse. Central Medical Stores Trust itamalandira ndalama pa nthawi yake, itha kugula zochuluka pamtengo wotsika kusiyana ndi makampani ogawanika, iliyonse ikuitanitsa pang'ono payokha. Dziko laling'ono ngati lathu likaduladula msika wake wa mankhwala, mtengo udzakwera, ndipo ine ndimaziopa zimenezi kuposa momwe ndimaopera mapepala ochuluka.

Mamailosi 15 aja nawo adayezedwa ndi munthu woyenda pa galimoto pamsewu wa phula. Makilomita 24 kuchokera ku Nambazo kapena m'mbali mwa nyanja ya Chilwa, mvula ili mkati, ndi tsiku lathunthu, ndiponso ndi ndalama ya kabaza yomwe nthawi zina imaposa mtengo wa mankhwala omwe ukupita kukatenga. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy adakokolola milatho ndi misewu, chipatala cha Nkhulambe chidaonongeka, ndipo madera ena adakhala masiku ambiri osafikika. Akuluakulu adakumbukira napolo wa 1991. Pakati pa anthu omwe adatsekeredwa kutsidya padali omwe mabotolo awo a mankhwala adapita ndi madzi pamodzi ndi timabuku ta kuchipatala. Wofuna kutumikira Phalombe afunsidwe momwe mankhwala a shuga adzafikire kwa Nkhulambe mlatho ukapita, ndi momwe adzamudziwire wodwala yemwe kabuku kake kadakokoloka. Yankho lake lilembedwe mumgwirizano, pamodzi ndi dzina la amene adzalipire ulendowo.

Pafupi nafe, Zambia idakhazikitsa lamulo la inshuwalansi ya zaumoyo mu 2018, ndipo ndondomekoyo, yoyendetsedwa ndi bungwe la NHIMA, idayamba mu 2019. Iwo sadagawire makampani thumba. Thumba ndi limodzi, la boma, ndipo ofunsira ndi zipatala ndi mafamase ofuna kuvomerezedwa. Wapantchito amadulidwa 1 peresenti ya malipiro ake, bwana wake n'kuonjezera 1 peresenti ina. Mankhwala akasowa kuchipatala, membala amatha kukawatenga ku famase yovomerezeka. Njira imeneyi ndiyo ikuoneka yoyandikira kwathu, ngakhale nakonso kwamveka kulira komwe tikukudziwa, kwa zipatala ndi mafamase odikira malipiro.

Koma mfundo yovuta kwambiri ndi ya anthu opanda malipiro a pamwezi. Mwa anthu oposa 429,000 omwe adawerengedwa ku Phalombe mu 2018, ochuluka zedi ndi alimi, asodzi ndi ochita geni. Ndalama zawo zimabwera nthawi imodzi, pogulitsa fodya, mpunga, mpendadzuwa ndi nandolo, kenako n'kusowa m'miyezi ya njala, yomwenso ndi miyezi ya malungo ndi kutsegula m'mimba. Inshuwalansi yofuna chopereka cha mwezi ndi mwezi idzamutaya mlimi mu Januwale, mwezi womwe mwana wake watentha thupi. Ku Rwanda anthu a kumudzi amasonkha kamodzi pachaka, ndipo osaukitsitsa boma limawalipirira. Ifenso tili ndi poyambira. Mabanja a Mtukula Pakhomo adalembedwa kale, ndipo m'midzi yambiri muli banki mkhonde yomwe imasunga ndalama chaka chonse n'kugawana pamapeto. Wofunsira aliyense anene momwe adzagwirire ntchito ndi zimenezi, ndi chomwe chidzachitike kwa banja lomwe chaka chimenecho silidakolole.

Maofesi ofunsa mafunso tili nawo kale. Kampani ya inshuwalansi imatenga chiphaso kwa woyang'anira mabungwe a zachuma ku Reserve Bank of Malawi, yemwe amaona ngati chuma chake chili chokwanira. Famase ndi sitolo ya mankhwala zimatenga chiphaso ku PMRA, bungwe loyang'anira mankhwala lomwe lidakhazikitsidwa ndi lamulo la 2019. Chipatala chomwe si cha boma chimalembetsa ku Medical Council of Malawi. Aliyense mwa amenewa amayang'ana mbali yake, wina ndalama, wina mashelefu ndi firiji, wina mapepala a dokotala. Wosowa ndi amene angafunse funso la wodwala lonse pamodzi, kuti agogo a BP a kwa Chiwalo adzapezadi mapiritsi awo mwezi uliwonse, pamtunda woti angayende, popanda kugulitsa mbuzi.

Pali phunziro limodzi lomwe zaka za SLA zidandisiyira, lomwe mapepala a ku America salinena chifukwa kwawoko si vuto lalikulu. Pamgwirizano woterewu boma nalo ndi lofunsira. Limapempha chipatala cha mishoni kuti chikhulupirire bilu, limapempha famase kuti itulutse katundu lero ndalama zidzabwere mawa. Ngati kampani iyenera kuonetsa chuma chake isanasaine, boma nalo lionetse komwe laika ndalama za mgwirizanowo, mu akaunti yoti isakhudzidwe ndi zina, litchule tsiku lomwe zizituluka, ndi chomwe lidzalipire likachedwa. Mu 2001 ku Abuja atsogoleri a mu Africa adalonjeza kuika 15 peresenti ya bajeti ku zaumoyo, ndipo ife zaka zambiri takhala pansi pa mlingo umenewo. Inshuwalansi sipanga mapiritsi, sipanganso madola ogulira mapiritsi. Ntchito yake ndi kusuntha ndalama kuchoka kwa amene ali bwino kupita kwa amene akudwala, kuchoka pa nthawi yokolola kupita pa nthawi ya njala. Imeneyo ndi ntchito yaikulu, ndipo ndimaifunira anthu akwathu ndi mtima wonse. Koma thumba likakhala lopanda kanthu, kuika kampani pakati kumangoonjezera wina wofuna malipiro pa ndalama zomwe zikuperewera kale.

M'zipatala zazing'ono muli makomiti a anthu a m'midzi yozungulira, omwe amayenera kukhalapo galimoto ya mankhwala ikafika, kuwerenga makatoni ndi kusainira. Adaikidwa pofuna kuchepetsa kuba mankhwala, koma amadziwa zambiri kuposa pamenepo. Amadziwa mankhwala omwe amatha msanga, mwezi womwe amatha, ndi mudzi womwe anthu ake amafika mochedwa chifukwa cha mtsinje. Alangizi a zaumoyo nawo amadziwa khomo lililonse lomwe muli wodwala wosiya mankhwala, ndi chifukwa chomwe adasiyira. Ndikadakonda kuti mgwirizano uliwonse wokhudza mankhwala a anthu a ku Phalombe, kaya ndi SLA ya lero kaya ndi inshuwalansi yomwe ingadzabwere, ulembedwenso m'Chichewa, ndipo mndandanda wa zaulere ndi zolipira ukhomedwe pakhoma pafupi ndi windo la famase. Mgwirizanowo usanasainidwenso chaka chilichonse, khonsolo iitane makomiti amenewa ndi alangizi a zaumoyo, anene miyezi yomwe mankhwala a BP, a khunyu ndi insulin adapezeka ndi miyezi yomwe adasowa, ofesi ya zaumoyo nayo inene mabilu omwe idalipira ndi omwe idachedwetsa. Zonsezi ziwerengedwe pamsonkhano wa khonsolo yonse, mafumu ndi makhansala akumva, wofunsirayo ali pomwepo kuti ayankhe.